Tinameta Mwini Maliro Ali Moyo

Maputo, 14 Maio 2025

Achimwene a Sebastião, ndi iwe Serafina mng'ono wanga,

Moni nonse ku Chipera, ana, alamu, ngakhalenso mbuzi yanga ya khutu long'ambika ija. Muli bwanji? Ine ndafika. Miyendo inatupa ngati maungu m'basi muja, koma ndafika. Elisângela anadzandichingamira ali ndi tsitsi lofiira, moti ndinamupitirira mwana wobereka ndekha.

Kalatayi ndikulemba pamanja. Elisângela aijambula ndi foni n'kutumiza kwa a Salvador a pa baraka, kagolosale kaja, ku Fíngoè, iwo asindikiza, wa mota, wa njinga yamoto uja, akubweretserani. Inunso muzitero poyankha. A Salvador, ndikudziwa kuti mukuwerenga. Moni nanunso.

Achimwene, ndaiona nyanja! Zambezi amene timanyadira uja ndi ngalande chabe. Ndinalawa madzi ake, ndi amcheredi, sanatinamize aphunzitsi. Kuchipatala nako kuli kachipinda kamene kamakwera kokha. Kataguduka ndinakuwa n'kugwira bambo wina wa tayi m'chiuno. Iye anangoti "calma, mãe." Tsopano ndimakwera kawiri, ulendo wina wopanda chifukwa.

Ndinene za matenda. Kambulu ka m'bere kaja ndi khansa ndithu, monga ananenera ku Tete. Kuno amati kankro. Yafika m'khwapa, koma m'mapapo ndi m'chiwindi mulibe kanthu. Atandiuza zimenezi ndinavina pakhonde, anamwino n'kumaomba m'manja. Mwina mukuti ndapenga, koma ine ndinanyamuka kumudzi ndikuganiza za mayi, mmene ankabisira chilonda chawo ndi chitenje ku Ukwimi kuja, ife tili othawa nkhondo, popanda wotiuza ngakhale dzina la nthendayo. Ine yanga ili ndi dzina, ili ndi dotora, ili ndi njira. Ndilekerenji kuvina?

Dotorayo ndi mtsikana wa msinkhu wa Elisângela. Akuti tiyamba ndi mankhwala a m'soro, ndiye kuti dripi, dzina lake kimiyo, kwa miyezi ingapo. Kenako opaleshoni. Pomaliza makina owotcha zotsalira. Koma pali zinthu ziwiri zimene andisiyira kuti ndisankhe.

Choyamba ndi bere: achotse lonse, kapena achotse kambulu kokha. Makinawo sindiwathawa mulimonse, chifukwa cha m'khwapamo.

Chachiwiri ndi kafukufuku. Mwa masiku onse munthu amapita kumakina tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo. Tsono akufuna kuona ngati sabata imodzi yokha, ya mphamvu yochulukirapo, ingachize mofanana. Akuti kwina anayesa kwa amayi amene nthenda sinawafike m'khwapa ndipo zinayenda, koma kwa ife a m'khwapa sanatsimikize. Ukalowa, susankha wekha gulu, ngakhale dotora sasankha. Komputadori ndi imene imachita maere, kaya ugwera kwa sabata imodzi, kaya kwa masabata aja.

Ndinafunsa kuti nanga ndikakana? Anati chithandizo ndilandira chonse, palibe wondiyang'ana ndi diso loipa. Nanga ndikalowa n'kusintha maganizo? Nditha kutuluka. Nanga kuipa kwake? Khungu lingapse kwambiri, mkono ungatupe, ndipo kwa zaka ndizipita ku Tete kukapimidwa. Ndinati ndikafunse kaye achimwene. Iye anaseka, nati pepalalo limafuna dzina langa lokha. Ndinati, mwana iwe, sunawaone achimwene anga.

Nthawi ilipo, makinawo ndi a kumapeto kwa chaka. Ndiuzeni maganizo anu. Ndiuzeninso ngati chimanga changa chalowa m'nkhokwe. Wina akamabwera kuno mumupatsire masau, m'kamwa mwanga mukufuna za kwathu.

Ndine wanu,
Eugénia

Chipera, 30 Maio

Mlongo wanga NaMbewe,

Kalata yako tinalandira ndipo ndinaiwerenga mokweza pamaso pa onse, kupatula mbali ya bambo wa tayi. Kuno tili bwino. Chimanga chako chili m'nkhokwe. Mbuzi yako inadya chidziwitso cha katekista pa chitseko cha tchalitchi, ndiye palibe akudziwa tsiku la ubatizo.

Tsopano tamvera. Mayi pomwalira anakusiyani awirinu m'manja mwanga. Mwini mbumba ndine, kaya pepala la dotora likundidziwa kaya ayi.

Za bere, achotse lonse. Chiswe chikalowa m'phaso sudula theka, umasolola phaso lonse.

Za kafukufukuyo, ayi. Maere timachita pogawana nyama ya ng'ombe yothyoka mwendo, osati pa mlongo wanga. Anyamata okumba golide ku Fíngoè amalowa m'dzenje podalira mwayi, ndipo ukudziwa kuti ena satuluka. Komputadoriyo ndi mwana wa yani? Kwawo n'kuti? Zikalakwika tikaipeza bwanji kuti tikambirane? Ngati madotolo sakudziwa njira yabwino, aphunzire kaye, osati aphunzirire pa iwe. Landira chimene anthu onse amalandira ubwere kumudzi.

Chinanso, kusangalala kwakoku kukundiopsa. Wodwala amabuula. Iwe ukuvina pakhonde ndi kukwera tizipinda. Kodi pali chimene ukutibisira?

Ndine mlongo wako,
Sebastião

Mana, akulu anga, ndine Serafina, ndalanda cholembera. Powerenga za mayi achimwene anaima n'kunena kuti m'maso mwawo mwalowa utsi, chonsecho tinali panja. Kodi nyanjayo ili ndi ng'ona? Masau ndayanika.

Maputo, 18 Junho

Achimwene, ndi iwe wolanda zolembera,

Moni. Ng'ona kulibe, akuti madzi amchere sizigwirizana nawo. Palibenso chimene ndikubisa. Ndimabuula ndithu, makamaka masiku otsatira soro, pamene ngakhale fungo la anyezi limandithamangitsira kuchimbudzi. Koma kubuula sikukwana pa pepala, ndiye ndimakulemberani zotsalazo.

Tsitsi layamba kuthothoka. Ndinadzuka n'kupeza pa pilo ngati pagona mphaka. Elisângela, poti amagwira ntchito pa salau yokonza tsitsi, anandikhazika pa mpando wozungulira pamaso pa kalilole wamkulu, n'kundimeta mpala. Pamene makina ankayenda m'mutu ndinatsinzina, ndipo ndinabwerera ku Ukwimi. Mukukumbuka Loweruka lililonse, mayi atatipanikiza pakati pa mawondo awo, lumo m'manja, akusaka nsabwe? Ankayamba ndi inu achimwene chifukwa munkathawa. Akamaliza ankatipaka mafuta a nsatsi n'kutimenya kambama kamodzi pamutu, amvekere, "Pita, dzungu langa." Ndinkadana nalo tsiku limenelo. Lero ndingapereke mbuzi kuti ndimvenso kambama kameneko.

Nditatsegula maso ndinapeza Elisângela akudzimeta yekha. Tsitsi lofiira lonse pansi! Akuti kuno ena amatero, achibale amameta kuti wodwala asakhale ndi mpala yekha. Tinaseka mpaka makasitomala ena anathawa. Chithunzi ndi chimenecho, onani maungu awiri.

Tsono achimwene, za maere. Mukukumbuka chaka chimene mlangizi anabwera ndi mbewu yatsopano ya chimanga, mudzi wonse n'kukana? Ine ndinapereka munda wanga wa kudambo. Tinaugawa ndi chingwe, mizere ina mbewu yakale, ina yatsopano. Ndinkafuna kuti yatsopanoyo ipite mbali ya chulu, kuli chonde. Mlangizi anakana. Anathyola timitengo tiwiri, kena kakafupi, n'kundiuza kuti ndisolole ndili chotsinzina. Anati, "Mayi, mukasankha nokha mukondera, ndipo pokolola sitidziwa ngati yabereka ndi mbewu kapena chulu." Komputadori ija ndi timitengo timeneto basi. Ndipo chaka chotsatira ndani anabwera ndi kathumba kudzapempha mbewu, akuyang'ana uku ndi uku? Sinditchula dzina, a Salvador akuwerenga.

Koma mawu anu sindikuwataya. Munda ukakanika umalimanso chaka chamawa, thupi ndi limodzi. N'chifukwa chake sindinasaine. Pepalalo lili pansi pa Baibulo, ndimalitulutsa, n'kulibwezeranso.

Ndilembereni nkhani zambiri. Kuno anthu ndi ochuluka koma nkhani alibe.

Eugénia

Chipera, 22 Julho

Mana Eugénia,

Moni, ngati muli moyo. Ndikutero chifukwa mwezi wathunthu wadutsa popanda kalata yanu, ndipo kuno takulirani kale. Khalani pansi ndikuuzeni. Ngati muli ndi soro pamkono, gwirizirani.

Chithunzi chija chitafika ndinalira, kenako ndinaseka, kenako ndinakatenga lumo. Linali Loweruka. Ndinadzimeta, ana ataona anafuna nawo, ndinawameta onse. Achimwene anatipeza tsitsi lili mbwee pabwalo.

"Chiyani chimenechi?"

"Tikuperekeza mana."

"Popanda kufunsa mwini mbumba?"

Anaima pamenepo akuyang'ana chithunzi chanu. Kenako anati, "Bweretsa mpando."

Alamu anu okha ndi amene anakana. Anati, "Anthu inu, kuno si ku Maputo. Kuno banja likameta ndiye kuti laika munthu." Ine ndinati ndivala duku. Achimwene anati chipewa ali nacho. Palibe anakumbukira kuti mwamuna savala chipewa m'tchalitchi.

Lamulungu tinalowa, tinakhala. Achimwene anavula chipewa. Mana, mutu umenewo unawala ngati mbale yatsopano! Katekista anali pakati pa kuwerenga, anakweza maso. Anayang'ana achimwene, anayang'ana ana ali ndandanda ndi timipala tawo, anayang'ana ine. Mayi wina wa kwaya anandisolola duku kumbuyo. Basi. Anakuwa, "Mayo ine! Eugénia wapita! Amuika ku Maputo ngati wopanda abale!"

Achimwene anaimirira kuti afotokoze. Koma kwaya inali itayamba kale nyimbo ija ya maliro imene inu mumatsogolera, ndipo malo anu anali opanda munthu. Anayang'ana malo anuwo. Kenako anayamba kulira. Achimwene athu omwewa, kulira kokhala ndi mamina! Ndiye ndani akanandimvera ine? Ndinkakuwa kuti muli moyo, amayi n'kumandisisita kumsana, amvekere, "Inde mwanawe, ali moyo kwa Atate." Pamene tinkawakhazika mtima pansi a m'tchalitchi, wa mota amene anaima pakhomo anali atapita kale ndi uthenga.

Mawa lake anthu anayamba kufika. A ku Fíngoè, a kutsidya, a ku Chiputo. Ena ndi ufa, ambiri ndi nkhuku za chipepeso. Ndipo sanabwere ndi chisoni chokha, anabwera atakwiya, poti kumeta kumachitika maliro atatha, ndiye ankati tawamana maliro. Azakhali a Florinda anatsika pa mota tambala ali kukhwapa, fumbi mpaka m'nsidze.

"Sebastião! Mwameta kale? Ine mlongo wa bambo ako ndimve kwa wa mota? Nanga malirowo munalira ndi mbuzi?"

Tinawaonetsa chithunzi. Anati, "Chithunzi si umboni. Akufa onse ali ndi zithunzi." Anafunsa kalata yanu yomaliza, ataona kuti ndi ya mwezi watha anangoti, "Ehe." Mana, ndisaname, pamenepo nanenso ndinayamba kukayika. Tinakwera nawo phiri lija limene foni imagwira, alamu anu n'kuimbira Elisângela. Iye anati mwagona, mwafooka ndi mankhwala, sakudzutsani. Azakhali anati aike foni pafupi ndi mphuno yanu. Tonse tinatchera khutu pamwamba pa phiri. Kenako tinamva mkonono. Azakhali anamvetsera nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Ndi iyeyo. Mkonono wa bambo ake." Anatsika phiri akululutira.

Zimene zinatsatira sindingazilembe zonse. Anthu anali atabwera kale, ufa ulipo, ndiye maliro anasanduka chikondwerero. Kwaya yomwe ija inavina mpaka fumbi. Koma nkhuku palibe analola kubwerera nayo. Azakhali akuti nkhuku ya chipepeso ikabwerera kwawo imakasaka maliro ena. Tsono khola lanu ladzaza, ndipo tambala wa azakhali akulamulira mudzi.

Pali china chosaseketsa. Anthu atabalalika, Elsa mkazi wa a Lucas wa kutsidya kwa mtsinje anatsalira. Ananditengera kuseri kwa nkhokwe, anagwira dzanja langa n'kuliika pa bere lake. Mana, kalipo, kolimba ngati nthanga ya mango yaing'ono. Akuti anapita ku Tete, anamuuza kuti apitirire kumene muliko, iye anangobwerera kumudzi. Akuti, "Ana ndisiyira ndani? Munda alima ndani?" Atamva kuti mwamwalira anati bola iye amene anakhala. Atamva mkonono wanu sakugonanso. Wandituma ndikufunseni chinthu chimodzi: munthu amakhala nthawi yaitali bwanji kumeneko?

Lembani msanga, tisanakulireninso.

Serafina

Maputo, 6 Agosto

Serafina, achimwene, ndi olira nonse,

Moni kuchokera kwa malemu. Kalata yako ndinawerengera m'chipinda cha soro, ndipo ndinaseka mpaka namwino anabwera akuthamanga. Ndinayesa kumasulira m'Chipwitikizi, amayi onse a m'chipindamo anagwira m'mimba. Mmodzi wa ku Inhambane akuti ndimubwereke azakhali. Elisângela uja anangondiuza kuti kumudzi anaimba kupereka moni, mwana woipa.

Pepani pokhala chete. Soro wa mwezi watha anandigwetsa, m'kamwa munatuluka zilonda, dzanja silinkagwira cholembera. Tsopano ndadzuka. Ndipo ndili ndi mafunso. Analira kwambiri ndani? Ananena zotani za ine? Mai Tiago amene tinakangana za malire a munda anabwera? Anabweretsa nkhuku yonenepa kapena yodwala chitopa? Munthu sapeza mwayi wotere kawiri, musandibisire kanthu.

Za Elsa. Umuuze zoona, usamunyengerere: ndi miyezi, si masabata. Umuuzenso kuti kambulu kanga kafota, dotora amachita kukasakasaka. Asadikire kafukufuku, asadikire kukolola, anyamuke. Ana ndi munda tigawana, si ndife anthu?

Koma funso lake landikhala pamtima. Kuno ndaona amayi akumaliza kimiyo, kumaliza opaleshoni, n'kuthawa makina chifukwa mvula yagunda kwawo ndipo mbewu zili m'nyumba. Masabata omalizawo ndi amene amathyola munthu. Akanakhala sabata imodzi, ambiri akanapirira. Koma palibe angadziwe ngati sabata imodziyo ikukwana pokhapokha ena atalola kusolola kamtengo.

Za bere ndaganiza. Achotse lonse. Achimwene musanyade, si chifukwa cha phaso lanu. Bere likatsala limafuna kujambulidwa kawirikawiri, ndipo makina ojambulira ali kutali ndi Chipera. Layamwitsa ana anayi, lagwira ntchito yake, lipite pa reforma, likapume ngati mphunzitsi wokalamba. Ndinalira pang'ono posamba, ndinalithokoza, basi.

Za kafukufuku, mtima wanga ukuti ndilowe. Mantha alipo. Ndikagwera kwa sabata imodzi n'kupezeka kuti siikwana, wodwalanso ndine, osati komputadori. Ndamufunsa dotora kawiri konse, ndipo sanandilonjeze chimene sakudziwa. Chimenecho n'chimene chandipatsa mtima.

Achimwene, chilolezo sindikupempha, pepala silikufuna. Koma munakhala pa mpando uja Serafina n'kukumetani. Ndikupempha kuti mundiperekezenso apa.

Malemu wanu wokondwa,
Eugénia

Chipera, 2 Setembro

NaMbewe,

Moni. Tili bwino. Mai Tiago anabwera, analira kuposa onse, nkhuku yawo ndi yonenepa. Akuti malire aja ndi ako ndithu. Tsopano poti uli moyo akuti tikambiranenso.

Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinkayamba kalata n'kuing'amba. Tsiku lija m'tchalitchi ndinkadziwa kuti uli moyo, chithunzi chako chinali m'thumba mwanga. Koma nyimbo itayamba ndinaona mmene zidzakhalire. Ndinaima pamenepo, mwini mbumba wathunthu, osatha kuletsa ngakhale kwaya. Ndiye nthenda ndingailetse ndi mawu anga? Mayi ndinawayang'anira bwino kwambiri, palibe mlendo anawakhudza, palibe anayesera kanthu pa iwo. Tinawaika ku dziko la eni.

Komputadoriyo sindikuikhulupirirabe. Koma iwe ndimakudziwa. Sunalowepo m'madzi usanaponyemo mwala.

Saina. Ndili pambuyo pako. Ungoiuza kuti isankhe sabata imodziyo, ubwere tidzadzale limodzi.

Kodi dotora wakoyo amadziwanso za tsitsi? La ana lamera, la Serafina lamera. Langa lamera m'mbali mokha, pakati palibe chikuchitika.

Sebastião

Maputo, 20 Novembro

Achimwene ndi Serafina,

Moni nonse. Elisângela anakuuzani kale kuti opaleshoni inayenda bwino. Bala lapola, mkono ndikuukweza mpaka kufika pa chingwe choyanikira zovala. Ndapendekeka pang'ono ngati ngolo ya gudumu limodzi, koma Elisângela wandisokera kapilo koika m'kamisolo, ndipo akuti mbali yopangayo ndi imene ikuoneka bwino.

Ndinasaina. Ndinavala chitenje changa cha kwaya, ndinalemba dzina lonse pang'onopang'ono, kalata yanu achimwene ili m'chikwama. Namwino wa kafukufuku anandifunsanso ngati ndamvetsa, ndinamufotokozera za chulu ndi timitengo, iye anati azikagwiritsa ntchito pouza ena. Kenako anadina pa komputadori. Ndinatsinzina monga kumunda kuja. Uthenga wanu ndinaupereka, ndinainong'oneza komputadoriyo kuti achimwene akuti sabata imodzi.

Siinamve. Ndagwera ku masabata aja, njira yakale imene munkafuna poyamba!

Ndisabise, ndinali nditadziona kale ndili pa mota, khasu likundidikira. Misozi inatuluka. Kenako kuseka kunandigwira, moti namwino anadabwa. Miyezi yonseyi takhala tikukangana, mudzi walira, nkhuku zasamuka, kuti ine ndilandire chomwe ndikanalandira ndikanakana! Ndinamufunsa kuti, ndiye ndalowa kapena sindinalowe? Iye anati ndalowa kwathunthu, adzandipima ndi kundilemba mofanana ndi enawo.

Pobwerera ndinaganiza za munda wa kudambo uja. Anthu onse ankabwera kudzaona mizere ya mbewu yatsopano, palibe ankaima pa yakale. Koma pakanapanda yakaleyo pambali, akanadziwa bwanji kuti yatsopano yatalika? Ine ndine mzere wa mbewu yakale. Ndiima bwinobwino kuti andiyerekeze.

Choncho kudzala kundipita. Mbewu ili mu mtsuko kuseri kwa chitseko, musaiwale nyemba m'mphepete. Tsitsi langa layamba kumera, lofewa ngati la mwana wakhanda, ndipo ndi loyera. Za lanu achimwene ndinafunsa. Dotora akuti limenelo si la kafukufuku, ndi dazi, lumo linangoulula.

Nanga Elsa?

Eugénia

Chipera, 15 Dezembro

Mana,

Moni. Kalata ino ifulumire, mtsinje wayamba kudzaza ndipo wa mota akuti mwina uno ndi ulendo wake womaliza mpaka madzi ataphwa.

Achimwene atamva za maere anavala chipewa n'kunena kuti akupita ku Fíngoè kukalemba dandaulo. Alamu anu anawafunsa kuti adzalembera ndani. Anafika pa mtengo wa masau, anabwerera, anatenga khasu n'kulunjika kumunda kwanu. Tadzala wonse, nyemba m'mphepete. Chimanga chamera bwino. Mai Tiago anathandiza nawo, ndipo anakudzalirani mpaka m'malire aja osatchulanso za mkangano.

Elsa ananyamuka msewu usanaduke. Anazengereza nthawi yonseyi, koma nditamuwerengera zoti mukukweza mkono mpaka pa chingwe, anapita kukalongedza. A Lucas amuperekeza mpaka ku Tete. Ana ake awiri ali kwa ine, munda wake kwaya yagawana mizere. Akuti akafika kumeneko mumuonetse kachipinda kokwera kokha, koma mumugwire dzanja. Nambala ya Elisângela ali nayo. Akuopa kwambiri, mana. Mumulandire.

Nkhuku za maliro anu zaswa. Anapiye ali ponseponse, munthu sungaponde. Palibe yadyedwa ngakhale imodzi, chifukwa azakhali, amene sanabwererebe ku Chiputo, akuti nkhuku ya chipepeso amadya ndi olira, ndipo ife tinasiya kulira pakati. Ndinawafunsa kuti nanga mwini maliro angadye? Anaganiza tsiku lonse. Madzulo anati chiyambire sanamvepo zotere, ndiye palibe lamulo loletsa. Mubwere muyambe ndinu, ife titsatire.

Malizani makina anuwo, mzere wakale inu. Madzi akaphwa tidzakuchingamirani ku Fíngoè. Mudzawazindikira achimwene mosavuta, chipewa savulanso pena paliponse kupatula m'tchalitchi, ndipo kumeneko anthu anazolowera.

Ali pano akundiyang'anira pamene ndikulemba. Akuti ndilembe kuti tidzapha tambala wa azakhali. Akutinso ndilembe izi, ndipo ndawafunsa kawiri ngati akunenetsa, poti chibadwire sanagawirepo munthu: nthutumba ndi yanu.

Serafina